Mapensulo Khumi

Esinta Kalimbuka analota atafika pa laibulale ya ku yunivesite ndi ana ake onse a Fomu 3, makumi asanu ndi limodzi, atakwera pa bolodi lomwe linkayenda mumsewu ngati lole. M'thumba munali chikalata chimene a ku laibulale anamutumizira atawalembera katatu konse: m'chipinda cha mabuku akalekale osapezekapezeka mumalowa ana khumi basi, mphunzitsi asankhe, alembe mayina. Iye anali asanalembe ndi limodzi lomwe.

Anatsika masitepe amene ankamera pansi pa mapazi awo. Kumapeto kunali chitseko chachitsulo, chikupuma.

"Mulipo angati?" chinafunsa chitsekocho.

"Tonse," anatero Esinta.

"Tonse si nambala, mayi. Ndili ndi mapensulo khumi. Muno bolopeni salowa, chikwama sichilowa, wopanda pensulo salowanso."

Esinta anatembenuka. Zione, mtsikana wolakwa mayeso alionse koma wowerenga ngakhale nyuzipepala yokulungira usipa, anali atayamba kale kubwerera m'mbuyo, ngati munthu wozolowera kusiyidwa. Mtima wa Esinta unawira. Anavula nsapato kuti amenye nayo chitseko.

"Vala nsapato, Esi. Mphunzitsi wathunthu iwe."

Anali bambo ake, a Jailosi, amene anamwalira zaka zinayi zapitazo. Iwo anasesa mulaibulale yomweyi zaka makumi awiri, kupukuta fumbi pa mabuku omwe sankatha kuwerenga. Anavala ovololo yawo yomwe ija, yong'ambika pachigongono.

"Ababa, akuti ndisankhe."

"Mtima wapachala sunausiyebe. Ine ndinali ndi ana angati?"

"Asanu ndi mmodzi."

"Nanga mapensulo ndinkagula angati?"

"Imodzi."

A Jailosi anatulutsa lezala m'thumba, napempha chitseko mwaulemu kuti chiwapatse mapensulo aja. Anakhala pansi natambalala, n'kumadula iliyonse zidutswa zisanu ndi chimodzi, n'kumasongola. Mapensulowo ankaseka ngati akugirigishidwa. Mwana aliyense analandira ndi manja awiri kachidutswa konga njere ya mtedza.

Chitseko chinawerenga, chinakhosomola, chinawerenganso, kenako chinatseguka.

Mkatimo munkadutsa mtsinje, ndipo ana anasamba m'manja monga mwa lamulo. Mabuku anali atatera pamashelefu ngati nkhunda. Anatsika limodzilimodzi, lililonse n'kusankha mwana wake. Kalata ina yakale, yofiirira ndi yodyeka m'mbali, inatera m'manja mwa Zione.

"Mwachedwa, mayi," inatero. "Tatopa kuwerengedwa ndi anthu a magalasi okhaokha."

Esinta ataponda pakhomo anaona kuti bambo ake atsala panja, akutola zosongola za mapensulo.

"Lowani, ababa."

"Ine ndinalowa kale ndi tsache. Mukatuluka mudzandiuze zimene zinalembedwamo. Ndakhala ndikufuna kudziwa."

Belu linalira.

Esinta anadzidzimuka ali mu ofesi ya aphunzitsi, dzuwa lili paliwombo, tsaya litagona pa chikalata chija. Mizere inali khumi ndithu, yopanda kanthu.

"Mwasankha, madamu?" anafunsa a hedi atasuzumira pakhomo. "Akuchifuna lero."

"Tandibwerekeni rula."

Esinta anagawa mzere uliwonse m'magawo asanu ndi limodzi, nasongola pensulo yake mpaka inathwa ngati singano. Pamwamba penipeni analemba timalemba tating'ono: Zione.