Hena Wakuda wa ku Iguputo

"Thira sopo wina! Usalire ngati mwana, bweretsa kuno chalacho."

Esnath anali atagwira dzanja la Mwaiwathu, mwana wa mchimwene wake, pasinki ya kukhitchini kwawo ku Walsall, tauni yoyandikana ndi Birmingham. Ankalimbana ndi mphete ya chitomero, koma mpheteyo sinasunthe. Chala chinali chitatupa ngati nthochi yakupsa. Maluwa akuda amene anajambulidwa m'manja mwa mtsikanayo Lamlungu anali atasanduka matuza, duwa lililonse ndi thuza lake, kuyambira m'zala mpaka pamkono. Linali Lachitatu m'mawa. Ukwati unali Loweruka.

"Azakhali, zikuotcha ngati ndagwira mbaula," anatero Mwaiwathu. "Ndawaimbira a Sharifa, akubwera."

"Wawaimbira kuti adzatani? Kuti adzatiseke?"

Sharifa anali nesi wochokera ku Mangochi, ndipo ankakhala nyumba yachitatu mumsewu womwewo. Analowa osagogoda, nayang'ana manjawo kamodzi kokha.

"Siyani kukoka, a Esnath. Mukung'amba khungu. Mwai, vala jekete, tikupita kuchipatala."

"Chipatala cha chiyani? Ndi kutentha kwa thupi basi. Timupaka mafuta, pofika mawa ziphwa."

"Chala chayamba kuda ichi. Mukufuna Loweruka mphete aiveke pati, pachitsa?"

Nkhaniyi inayambira ku Hurghada, tauni ya m'mbali mwa nyanja ku Iguputo, kumene Esnath anapita ku holide ndi anzake awiri ogwira nawo ntchito yosamalira okalamba. Asananyamuke anamufunsa Mwaiwathu chimene akufuna. Mtsikanayo anapempha chinthu chimodzi: mpango woyera wa thonje woti adzafunde paphewa potuluka m'tchalitchi, poti mphepo ya kuno sidziwa kuti lero ndi ukwati.

Esnath anaona kuti pempholo n'lopepuka. Mipango yadzaza mumsika wa ku Birmingham. Ndani akanadziwa kuti azakhali a mkwatibwi anakwera ndege? Iye ankafuna mphatso yoti aliyense akaiona afunse kuti, "Zimenezi zachokera kuti?"

Tsiku lomaliza la holide analowa m'kasitolo kodzaza ndi tingamila tamatabwa, mabotolo a mafuta onunkhira ndi mbale zojambulajambula. Wogulitsa anamuonetsa timachubu ta hena, utoto uja amayi amajambulira maluwa m'manja. Anati wakewo ndi wakuda bii, umauma msanga, ndipo pazithunzi umaoneka ngakhale uli patali. Esnath anatenga timachubu khumi. Kenako anaimbira Sharifa pa vidiyo. Sikuti ankafuna nzeru ayi. Ankafuna kuti Sharifa, amene amadziwika kuti ndi katswiri wa hena pa Idi, aone kuti enanso amatha.

"Tatembenuzani kachubuko," anatero Sharifa. "Alembapo kuti muli chiyani?"

"Pali chithunzi cha ngamila."

"Ngamila si malemba. Mverani, a Esnath. Hena weniweni ndi masamba osinja. Amanunkhira ngati udzu, amafuna maola ambiri kuti agwire, ndipo amasiya mtundu wofiirira. Wakuda wouma msangayo nthawi zambiri amathiramo mankhwala odayira tsitsi otchedwa PPD. Amenewo pakhungu amatha kuotcha munthu. Musiyeni. Gulani mpango umene mwana anapempha. Enawo muwagulire chidede chouma cha tiyi kapena zipatso za kanjedza."

"Chidede? Ndichoke ku Walsall mpaka ku Iguputo kudzagula chidede chimene chimamera kuseri kwa bafa kwathu ku Dedza? Inu manesi mumadzimva. Mukufuna maluwa akhale a inu nokha a ku Mangochi?"

Anadula foni, nalipira.

Lamlungu, paphwando la amayi lolangiza mkwatibwi, Esnath anakhala pakati ndi timachubu take. Sharifa anali pa shifiti. Mwaiwathu anafunsa za mpango, koma anauzidwa kuti asakhale wachimidzi. Anatambasula manja chifukwa cha ulemu, poti azakhaliwo ndi amene anamupezera malo ogona atangofika m'dziko muno. Amayi anajambula zithunzi, nthungululu zinamveka, ndipo Esnath anayankha funso lake lija kokwana kakhumi: "Ku Iguputo, amwali. Ndinakasankha ndekha." Timachubu totsala anagawira amayi atatu kuti akajambule ana awo.

Lolemba manja anayamba kuyabwa. Lachiwiri anafiira. Lachitatu ndi lija la sopo pasinki.

Kuchipatala, mphete ya chitomero anaidula ndi kachitsulo, naipereka kwa mwini wake m'kathumba ka pulasitiki. Dokotala anafunsa ngati Mwaiwathu amadaya tsitsi. Anavomera kuti amadaya lakuda kuyambira kalekale. Dokotalayo anati mwina n'chifukwa chake thupi linakwiya msanga chonchi, poti linali litakumana kale ndi mankhwalawo. Anamupatsa mapiritsi ndi mafuta opaka, namumanga mabandeji. Anamuuzanso kuti asadzayerekeze kudayanso tsitsi ndi mankhwala a mtundu umenewo, komanso kuti pachala chotupacho pasalowe mphete ina iliyonse mpaka chitapola.

"Ngakhale Loweruka lokha?" anafunsa Mwaiwathu.

"Ngakhale Loweruka."

Panja, pamabenchi odikirira, anapeza Liness atafika. Liness anali mchemwali wa Gomezgani, mkwati, ndipo anachoka ku Telford atangomva uthenga. Sanapereke moni, anangolunjika kwa Esnath.

"Ndinu amene mwachita izi? Anzanu ku Iguputo amabwerako ndi golide, inu mwabwerako ndi mliri!"

"Usandilankhule choncho, iwe. Ndine msinkhu wa mayi ako. Inenso anandijambula pamwendo komweko. Ndafa?"

"Mwendo wanu ukukwatiwa Loweruka?"

"Zimenezi ndi za anthu," anatero Esnath, akuyang'ana Sharifa cham'mbali. "Pali ena sanakondwere ndi ukwati umenewu. Hena yemweyo ine osanditupitsa, mwana yekha? Pali dzanja la munthu apa."

"Dzanja lilipodi," anayankha Sharifa, "ndipo ndi limene linagwira kachubu. Matupi amasiyana, a Esnath. Lanu lakhala chete ulendo uno, ulendo wina likhoza kudzayankha. Koma zimenezo tisiye. Timachubu tina tija munapatsa ndani?"

Esnath anayamba kufufuza m'chikwama mwake ngati sanamve funso la Sharifa.

"Ndikufunsa chifukwa khungu la mwana silichedwa kupsa. Lembani pagulupu ya amayi pompano kuti aliyense amene analandira ataye."

"Ndilembe pagulupu? Anthu onse aja awerenge? Ndiwaimbira mmodzimmodzi ndikapeza mpata."

Apa ndi pamene Mwaiwathu, amene sanayankhepo azakhali ake mwamwano chibadwire, anakweza manja ake omangidwawo.

"Azakhali, ndinakupemphani mpango. Mpango basi. Munaona kuti ndi wochepa chifukwa anthu sakanatchula dzina lanu. Ine foni sindingathe kuigwira. Inu zala muli nazo. Lembani."

Esnath anatulutsa foni. Analemba, nafufuta, nalembanso. Poyamba analemba kuti hena uja "sakuyanjana ndi nyengo ya kuno". Liness anasuzumira, nati achotse bodzalo. Pomaliza uthenga unapita wonena zoona, pamodzi ndi chithunzi cha manja a Mwaiwathu asanamangidwe. Pasanathe mphindi zisanu mayi wina anayankha kuti anakonza zojambula ana ake awiri Lachisanu, kuti adzaoneke bwino poperekeza mkwatibwi. Mawu ena amene anawonjezera sangalembedwe pano.

Loweruka ukwati unachitika ku Birmingham monga anakonzera. Mkwatibwi analowa atavala magolovesi oyera aakulu obisa mabandeji, maluwa atawakumbatira pamkono chifukwa zala sizinkapinda. Itafika nthawi ya mphete, abusa anayang'ana mkwati, mkwati anayang'ana manja aja. Gomezgani anatulutsa katcheni kamene Sharifa anamubwereka, nalowetsamo mphete, namuveka mkazi wake m'khosi. Anthu anaomba m'manja. Mwaiwathu anamwetulira, koma misozi inatsika, ndipo analibe chala choipukutira.

Potuluka m'tchalitchi mphepo inali pomwepo, ikudikira. Mkwatibwi ananjenjemera mpaka Liness anavula jekete lake lobiriwira namufunditsa. Pazithunzi zonse zapanja jeketelo likuoneka.

Kumadyerero Esnath anakhala patebulo lakutsogolo, monga azakhali. Chimene ankafuna chija anachipeza. Tebulo lililonse linkafunsa funso limodzi: "Kodi manja a mkwatibwi atani? Zachokera kuti zimenezi?" Ndipo tebulo lililonse linali ndi wodziwa kuyankha: "Azakhali ake aja. Ku Iguputo. Anakasankha okha."

Mphete inalowa pachala patapita milungu isanu. Zipsera zooneka ngati maluwa zikadalipo, ndipo nkhalamba zimene Mwaiwathu amazisamalira kuntchito zimamufunsa za izo akamazipatsa tiyi. Esnath ndi Sharifa akakumana pa siteji ya basi, wina amayang'ana kumene basi ichokere, wina kumene ipite.

Phunziro: Mphatso ndi ya wolandira, si chikwangwani cholengeza kumene mwapita. Chinthu chopaka pakhungu, chothira m'maso kapena chomwa, ngati sanalembepo zimene zili m'katimo, chisiyeni pashelefu, wogulitsa alumbire bwanji. Hena wakuda wouma msanga musamuyandikire, ndipo pa ana ndiye musayerekeze n'komwe.

Tsono inu amene mwasungitsa kale ndege ya holide ikubwerayi, chonde chitani bwino kuposa Esnath. Wodziwa akakuchenjezani, musamutche wansanje. Ndipo mwana akakupemphani mpango, mugulireni mpango.