Nsinjiro m'kachigayo ka Elifasi

Chogwirira chitayamba kulimba, Ndaziona anaganiza kuti ndi mkono wake umene watopa. Anakanikiza ndi mphamvu, kachigayo kanalira pang'ono, kenako kanakaniratu kuzungulira. Anatsegula pamwamba n'kusuzumira. Mtedza umene anathiramo sunasanduke nsinjiro ayi, unasanduka chiponde, ndipo chipondecho chinali chitamata mano onse a m'kati.

Kachigayoka kanali ka mwamuna wake, Elifasi, kogayira khofi pamanja. Anabwera nako kuchokera ku Joni, kumene anakhala zaka zambiri akugwira ntchito pamalo omwera khofi. Amuna ena a kwa Kabudula akamachoka ku Joni amanyadira malata kapena njinga yamoto, koma Elifasi ankanyadira kachitsulo kotalika ngati chisononkho. Aliyense wofika pakhomo ankamva nkhani yake, kaya wafuna kaya sanafune: momwe anazungulirira masitolo akukana zigayo zamagetsi, poti kwawo magetsi kulibe, ndi momwe anasankhira kameneka chifukwa mano ake ndi adothi lowotcha, osachita dzimbiri. M'mawa uliwonse ankakhala pakhonde, kutembenuza kanati ka pansi kosinthira kusalala kwa ufa akumvetsera, n'kumapukusa pang'onopang'ono. Madzi akawira mopitirira, lilime lake linkadziwa. Kapu ikatsukidwa ndi sopo wonunkhira, ankaibweza. Kachigayoko sankalola munthu kukakhudza.

Ndipo pa masiku onse, Ndaziona anakakhudza tsiku la ankhoswe.

Elifasi anali atayamba kulankhula zobwerera ku Joni. Ulendo woyamba anamusiya Ndaziona ali ndi pakati, n'kudzapeza mwanayo, Tamanda, akupita kusukulu. Ndaziona ankaopa kuti ulendo wachiwiri sudzakhala ndi kubwerera, choncho anakadandaula kwa atsibweni ake, a Tomasi. Tsiku limenelo a Tomasi ankabwera ndi a Mavuto, akulu ake a Elifasi, kudzamva mawu omaliza a mwini wake, ndipo Elifasi anali atapita kukawachingamira pa Nsaru. Ndaziona anafuna kuti mwamunayo adye nkhwani wotendera amene amamukonda, akumbuke kuti kwawo kulinso zokoma. Koma mtondo wake, ndi wa mnansi wake womwe, inapita kumaliro kutsidya kwa dambo ndipo inali isanabwere. Ndiye anayang'ana mtedza, anayang'ana kachigayo pa shelefu, n'kudziuza kuti chigayo ndi chigayo basi.

Tsopano anali ataima pakati pa nyumba, kachigayo kali m'manja. Ankamudziwa mwamuna wake. Akangoona izi adzanena pamaso pa ankhoswe kuti pakhomo pano salemekezedwa, ndipo palibe amene adzamutsutse.

Anamasula kanati kaja monga ankaonera Elifasi akuchitira. Katangochoka, kasipuling'i kanadumpha n'kugwera panja pa khomo, nkhuku n'kukathamangira. Ndaziona anaiponyera patapata, nagwada pafumbi n'kumapapasa mpaka anakapeza pafupi ndi mtsuko. Mano aja anawatulutsa ngati akunyamula dzira. Anakolokosa chiponde ndi kamtengo ka tsache, koma mafuta anali atalowa m'timizere tonse. Anatenga sopo, n'kumubwezanso pamalo pake atakumbukira mphuno ya mwini wake. Anatsuka ndi madzi otentha ndi phulusa, nayanika zonse pa lichero padzuwa.

Njinga yamoto inamveka kumsewu. Ndaziona anaphimba lichero ndi chitenje, naimirira osapuma. Inali ya kabaza, yonyamula matumba a soya, ndipo inapitirira.

Kumanganso ndiye kunali ntchito. Atamaliza, pa lichero panatsala kachitsulo kopyapyala kobowoka pakati, kosadziwika kwawo. Anamasulanso, nakaika pamwamba pa sipuling'i, chogwirira n'kumagwedera. Anakaika pansi pake, chinazungulira. Anaba njere zingapo za khofi m'botolo la Elifasi kuti ayesere, ndipo zinatuluka zikuluzikulu ngati mphale. Anamanga kanati kaja, n'kuyesanso. Ulendo uno unatuluka ufa wosalala kwambiri, koma kumene kanatiko kankakhala poyamba iye sankadziwa. Ananunkhiza. Mtedza unalipobe, chapansipansi. Anataya ufawo kuseri kwa khola, nabwezera kachigayo pa shelefu, chogwirira chitaloza kukhoma monga chimakhalira.

Alendo anafika nkhwani ali pamoto, wothira tomato yekha. Ndaziona anawayalira mphasa pansi pa mango, nagwada chapatali kuwalonjera. A Tomasi anafunsa za Tamanda, a Mavuto anadandaula za fumbi la mumsewu, ndipo Elifasi ananena kuti nkhani isanayambe akulu ayambe anyowetsa kukhosi. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kachigayo.

Ndaziona anabweretsa ketulo ya madzi otentha, nakhala pansi pomwepo. Anapemphera chamumtima pemphero lalifupi limene sakanalinena kutchalitchi: Ambuye, asazindikire.

Elifasi anathira njere, nayamba kupukusa. Kachigayo kankalira mawu achilendo, okhulana, moti ngakhale Ndaziona ankawamva. Ankadikira kuti dzanja la mwamuna wake liime, mutu uwerame, maso amufunefune. Dzanja silinaime. Elifasi ankapukusa akuyang'ana kumunda wa fodya, ndipo kanati kaja sanakakhudze n'komwe. Anathira ufa m'kansalu kosefera, nathira madzi osawayesa kutentha kwake. Khofi anachedwa kutsika, ndipo atatsika, pamwamba pa kapu iliyonse pankayandama timaso ta mafuta.

A Tomasi anathira shuga wambiri, namwa, natafuna milomo.

"Koma khofi wa ku Joniyu amamveka ngati mtedza, eti?"

Ndaziona anayang'ana pansi.

"Amatero nthawi zina," anayankha Elifasi.

Anakweza kapu yake n'kumwa. Sanakwinye nkhope, sananunkhize, sanayang'ane m'kapumo. Anamwa mpaka pansi ngati munthu womwa madzi a mankhwala, naika kapu pamphasa. Kachigayo anakasiya pafumbi, chogona cham'mbali, nyerere n'kuyamba kukwerapo.

Ndaziona anapuma, ndipo kwa kanthawi kochepa anasangalala ndithu. Anali atapulumuka. Kenako chisangalalocho chinatha, chifukwa anazindikira chimene ankachiona. Mwamuna amene wakhala naye miyezi yonseyi akanalavula khofi ameneyu pa kumwa koyamba. Akanakalipa, akanamasula kachigayo pamaso pa alendo, akanamuchititsa manyazi mpaka madzulo. Ndaziona anapezeka akulakalaka manyazi amenewo. Munthu amakalipira za pakhomo pamene akadali wa pakhomopo, ndipo uyu anali atakhala pamphasa ndi thupi lokha.

A Mavuto anakonza kukhosi, nanena kuti onse akudziwa chimene chawasonkhanitsa, ndipo mlamu wawo ali ndi mantha oyenera kumveka. Anatembenukira kwa mng'ono wawo kuti alankhule. Elifasi anasisita mawondo ake, akufunafuna poyambira.

"Abambo a Tamanda," anatero Ndaziona, iye asanatsegule pakamwa. Ankhoswe onse awiri anamucheukira. "Musavutike ndi mawu ambiri. Tangotiuzani tsiku."

Elifasi anamuyang'ana koyamba chifikireni.

"Lachisanu," anatero.