Mankhwala a Kagalu ka Apongozi

Anthu ankangowatchula kuti a Mageti, chifukwa mageti ambiri a mumsewu umenewo anawotcherera ndi iwo. Shedi yawo inali pambali pa nyumba, ndipo pakhomo pa shediyo pankagona galu wawo, Mphenzi. Chinali chigalu chakuda, mutu ngati ndowa, moti kasitomala aliyense ankayamba waima patali n'kuodira kaye.

"Ameneyu saseka ndi munthu," ankatero a Mageti akupukuta manja. "Akakugwira mwendo, ubwere mawa udzautenge."

Phokoso la galainda yodulira zitsulo Mphenzi sankaliopa, nyundo ikamalira pachitsulo ankangogona. Koma kukangogunda mabingu, chigalu chonsecho chinkanjenjemera ngati chagwidwa ndi malungo, dovu chuchuchu, n'kudzikodzera, kenako n'kukadzipanikiza kuseri kwa furiji. A Mageti nkhani imeneyi sankafuna kuti ituluke pageti.

"Bambo, galuyu akuvutika," anatero akazi awo tsiku lina akukolopa kukhitchini. "Mnzanga wa kuntchito akuti kuchipatala cha ziweto kuli mapiritsi okhazika mtima pansi agalu oopa phokoso. Pitani mukafunse."

"Ndikanene kuti chiyani? Kuti galu wanga ndi wamantha?"

"Mukanene kuti mkazi wanu watopa ndi kukolopa."

Anapita. Chipinda chodikirira chinali chaching'ono, benchi imodzi ndi kauntala, moti wolankhula ndi adokotala ankamvedwa ndi aliyense. Tsoka ilo, pabenchipo panali wometa tsitsi, mnansi wawo wa khomo loyandikana, amene anabwera kudzagula mankhwala a utitiri a mphaka wake. Wometayo anali munthu woti akamva kanthu m'mawa, pofika masana mutu uliwonse umene wameta wamva.

"Achimwene, kwagwanji? Mphenzi wadya munthu?" anafunsa wometayo.

A Mageti anaseka mokakamiza. Atafika pakauntala anatsitsa mawu, koma adokotala, mayi wa magalasi, anawapempha kuti abwereze.

"Ndimafuna mankhwala a galu woopa mabingu," anatero. Kenako anawonjezera mokweza, "Si wanga ayi. Ndi kagalu ka apongozi anga."

"Ndi kakakulu bwanji?"

"Kakang'ono. Kolowa m'chikwama."

"Mankhwalawa timapereka potengera kulemera kwa galu. Zikanakhala bwino mukanabwera nako ndikaone."

"Apongozi sakalola kutuluka pakhomo, adokotala."

Adokotala anawayang'ana pamwamba pa magalasi, kenako anawapatsa timapiritsi tochepa m'kapepala. "Mukapatse kamodzi mitambo ikayamba kuda, mvula isanafike. Musawonjezere mwa inu nokha. Zikakanika, mubwere nako."

Loweruka masana kunja kunada. A Mageti anabisa kapiritsi kamodzi m'kanthuli ka nyama, Mphenzi n'kumeza. Posakhalitsa kunafika mayi wina wa sukulu ya mkaka kudzaona geti limene anaitanitsa, ndipo wometa naye anathamangira mushedimo kudzausa mvula.

Bingu litagunda koyamba, Mphenzi anadzuka. Kapiritsi ka kagalu ka m'chikwama kanali kasanamuchite kanthu. Mchira unalowa pakati pa miyendo, ndipo anayamba kulira chapansipansi akulunjika kumiyendo ya mbuyake.

"Ndikamutsekere, angakulumeni," anatero a Mageti mofulumira. "Mvula imamupsetsa mtima."

Kumulowetsa m'nyumba kukanafunika kudutsa pamaso pa alendowo. Anamukokera kuseri kwa shedi, m'kachipinda ka malata okhaokha kosungiramo zidutswa za zitsulo, n'kukhoma loko.

Mvula inabwera ndi matalala. Mushedimo ankachita kukuwa kuti amvane, a Mageti akufotokoza za mahinjesi ndi penti. Mabingu akadukiza, ankamva chitseko cha kachipinda kaja chikugunda.

"Mwamva ukali wake?" anauza mayi wa sukuluyo. Mayiyo anagwedeza mutu mwaulemu. Wometa sanaseke, anangoyang'ana pansi.

Mvula itakata ndipo mayiyo atapita, a Mageti anakatsegula loko. Chitseko chinali chapindika m'munsi, pomwe galuyo ankakanda ndi kuluma. Pansi ponse panali magazi. Mapazi akutsogolo anali atachekeka ndi zidutswa za malata, dzino limodzi litathyoka. Mphenzi atawaona anakwawa chafufumimba, akugwedeza mchira, n'kudzaika mutu pansapato yawo.

Akazi awo anafika n'kuima pakhomopo. Sanakalipe. Anangovula epuloni n'kuwapatsa kuti amange phazi limene linkatuluka magazi kwambiri. A Mageti akanakonda akanawalalatira.

Galuyo sakanatha kuyenda, ndipo munthu mmodzi sakanamunyamula. Wometa ndi amene anabwera ndi wilibala, atayalamo makatoni. Anamukweza awiri, n'kudutsa naye mumsewu wonse, anthu ali m'makonde kuyang'ana madzi akutsika m'ngalande. A Mageti ankakankha maso ali patayala.

"Achimwene," anatero wometa ali panjira, "ife tonse timadziwa kuti galuyu amaopa mvula. Kulira kwake kumamveka mpaka kwa ogulitsa makala uko. Chaka chatha tinkafuna kukuuzani za mankhwalawa, koma tinkaopa kuti mukhumudwa."

A Mageti anaima pang'ono ngati akupumitsa mikono. Kenako anapitiriza kukankha.

Kuchipatala anapeza adokotala akukonzekera kutseka. Anayang'ana muwilibalamo, n'kuyang'ana a Mageti.

"Kagalu ka apongozi kaja ndi aka?"

"Ndi wanga, adokotala. Ndinanama."

"Mugonekeni patebulopa. Gwirani mutu, amve fungo lanu."

Anamubaya jakisoni, n'kuyamba kutsuka mabala ndi kusoka. Ankalankhula osadzutsa mutu, mawu ake opanda ukali, ndipo zimenezo ndi zimene zinkawawa kwambiri.

"Galu amamva phokoso kuposa ine ndi inu. Akamaopa chonchi si ulesi, ndipo kumukalipira kapena kumutsekera kumangowonjezera. Mukanandiuza zoona, ndikanamuyeza pasikelo n'kukupatsani mlingo wake. Panopa ndikupatsani woyenera, koma piritsi palokha silikwanira. Mumupezere malo m'kati mwa nyumba, kopanda zenera, ndipo pakhale munthu."

"Phazili lichira?"

"Lichira. Koma chala chimodzi chaduka mtsempha. Azitsimphina."

Masiku otsatira a Mageti ankasintha okha mabandeji m'mawa uliwonse asanayatse makina. Akazi awo atadzipereka kuti awathandize, anakana. Pamene ankamasula nsalu, Mphenzi ankawanyambita dzanja, ndipo iwo ankatembenuzira nkhope kumbali.

Mitambo itadanso tsiku lina masana, anamupatsa piritsi nthawi yabwino, anazimitsa makina n'kuuza kasitomala amene anali mushedimo kuti abwere mawa.

"Magetsi azima?" anafunsa kasitomalayo.

"Ayi. Galu wanga amaopa mabingu, ndikufuna ndikakhale naye."

Analowa naye m'kanjira ka pakati pa zipinda, n'kukhala pansi atatsamira khoma, ovolosi ili m'thupi. Akazi awo anayatsa wailesi kukhitchini n'kutseka zitseko. Kutagunda, Mphenzi anadzidzimuka, ananjenjemera pang'ono, kenako anatsamiritsa mutu pantchafu yawo n'kuyamba kuwodzera. Mwendo wa a Mageti unachita dzanzi, koma sanausunthe mpaka mvula inakata.