Si Bouchaib Akana Kutsika Sitima

Sitima itaima pa siteshoni ya pansi pa bwalo la ndege, anthu onse anatsika ndi zikwama zawo, koma mkulu wina wotchedwa Si Bouchaib anangokhala pampando, manja ali pamaondo.

"Bambo, tafika," anatero Soumia, mwana wawo. Ndege yake ya ku Canada, kumene anapeza ntchito ya unamwino, inali itatsala ndi maola awiri kuti inyamuke.

"Sitinafike. Pano si pa Oujda."

Mkuluyu anayendetsa sitima yopita ku mzinda wa Oujda zaka makumi atatu, koma chiyambire chaka chatha mutu unayamba kusokonekera. Masiku ena ankafunsa mkazi wake Mbarka kuti ndi mlendo wa ndani.

"Haji, tadzukani," anatero Mbarka akukoka mkanjo wa mwamuna wakeyo. "Mwangoti phwii ngati thumba la ufa!"

"Thumba lomweli munakwatiwa nalo mukuvina."

Soumia anaseka, koma maso ali pa wotchi. Woona matikiti anasuzumira pakhomo n'kunena kuti sitima ibwerera ku Casablanca posachedwa.

"Woyendetsa wanuyu amaimitsa sitima ngati akukoka bulu," Si Bouchaib anamuuza. "Ine ndinkaima tiyi osatayika m'tambula. Mukafunse mwana wanga. Ankandidikira pa siteshoni ndi buledi wotentha m'kansalu, nsapato atavala mosemphanitsa. Ndinkamulizira lipenga kawiri, iye n'kumadumpha."

"Mwanayo ndine, Bambo."

Mkuluyo anamuyang'anitsitsa, kenaka anapukusa mutu. "Ayi, mayi. Wanga ndi wamng'ono chonchi." Anaika dzanja pafupi ndi bondo.

Soumia anatula chikwama pansi. "Amayi, sindipita. Ndikamadzabwera adzakhala ataiwaliratu."

"Nanga lero akukudziwa?" Mbarka anayankha motsitsa mawu. "Usiku wonse uja unkachezera mabuku kuti udzakhale nane kukhitchini? Nyamula katundu wako. Bambo akowa ndakhala nawo zaka makumi anayi, sangandikanike lero."

"Ndiye simundiperekeza m'mwambamo?"

"Takuperekeza kale. Pano pakwana."

Mbarka anamuika m'thumba la jekete kaphukusi ka zipatso za kanjedza, namukumbatira mwamphamvu. Soumia anagwada n'kupsompsona dzanja la bambo ake, kenaka pamphumi.

"Mulungu akutsogolereni, mayi," anatero mkuluyo mwaulemu. "Mukakamuona mwana wanga, mukamuuze asamasewere panjanji."

"Ndikamuuza, Bambo."

Anatsika. Zitseko zinatsekeka, sitima n'kuyamba kuyenda. Pawindo anaona mayi ake akukonza chipewa cha bambo ake, iwo akuloza kutsogolo, pakamwa pakugwedera ngati akulangiza woyendetsa. Soumia anakweza dzanja mpaka ngolo yomaliza inazimirira.

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango wake, nakoka chikwama kupita kumasitepe.