Asabwereze Mwana Wanga

Tisungeni ankasankha kachewere pakhonde, wabwino uku wowola uko, pamene bambo ake, a Gerishon, anatulukira pa njinga akuliza belu ngati anyamula mkwatibwi. Ankachokera kumsika wa pa Dambe, ndipo sizinkachitika kawirikawiri kuti abwere akuseka okha.

"Tisu, tandipatse madzi akumwa. Lero ndagwira ntchito yoposa kulima."

Anawapatsa madziwo atagwada, n'kubwerera pa thumba lake. Maganizo ake sanali pa kachewereyo. Holide yonseyi ankadikira foni imodzi yokha. Kuyunivesite anamusankhira maphunziro a uphunzitsi, omwe iye sankawafuna, ndipo chaka chonse anachithera kulimbirana malo ku sayansi ya kompyuta. Ofuna kusamukirako anali khamu, malo ake osakwana zala za dzanja limodzi, ndipo mwayi wosintha unkaperekedwa kamodzi kokha, pakutha pa chaka choyamba. Masamu anawawerenga mpaka maso kufiira. Mapulogalamu ankayamba kuwalemba papepala, n'kumadikira mnzake apite kokadya kuti abwereke laputopu. Wopambana ankayenera kuyambiranso chaka choyamba, koma zimenezo iye analibe nazo vuto.

Kunyumba nkhaniyi anangoitchulapo kamodzi, bambo ake n'kuseka mpaka kutsokomola. "Kompyuta? Zomwe zija anaphunzira Agnes wa a Binwell miyezi itatu ku Lisungwi, lero akutayipa makadi a ukwati?" Kuyambira pomwepo Tisungeni anatseka pakamwa, anati adzanena zikadzatheka. M'mawa uliwonse ankakwera pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, pomwe netiweki imagwira, n'kutsika wopanda kanthu.

"Akusukulu kwanu anaimba," anatero a Gerishon akupukuta pakamwa.

Dzanja la Tisungeni linaima m'thumba. "Anaimbira inuyo?"

"Nanga ndani? Si nambala yanga tinapereka pomwe unkapita, iwe usanagule yakoyo?" Anakhala pa mpando n'kutambasula miyendo. "Mayi wina wake, Chingerezi chake chothamanga. Ndinati mayi, kuno ndi ku Neno, tayankhulani Chichewa. Ndiye akuti, 'Tisungeni tamuika ku kompyuta, koma ayambiranso chaka choyamba. Akuvomera?' Mwana wanga, thupi lonse linazizira. Kubwereza! Iwe amene sunabwerezepo chiyambire sitandade wani! Kuonjezera apo akuchotse ku uphunzitsi, akakuike kotayipa. Pomwepo ndinadziwa kuti mayeso sanayende ndipo ukuchita manyazi kundiuza. N'chifukwa chake waonda chonchi, eti?"

"Ndiye munayankha bwanji, ababa?"

"Ndinavula chipewa pamsika pomwepo, anthu akuona. Ndinati chonde mayi, mukhululukireni, asabwereze mwana wanga. Musiyeni komwe aliko, ndimukhazika pansi ineyo. Akuti, 'Ndiye kuti akukana?' Ndinati akukana kwamtuwagalu, ndine bambo ake. Akuti, 'Chabwino bambo, palibe vuto.' Basi! Akanakhala a hedimasitala akale aja tikanapita ndi nkhuku."

Tisungeni anadikira kuti alire, kapena akuwe, kapena aponye thumbalo pabwalo. Palibe chinabwera. Mtima wake unangochita dzanzi, ngati mwendo womwe waukhalira nthawi yaitali. Anapukuta manja pa chitenje, n'kutenga foni yake.

"Pita ukamve wekha," bambo ake anamukuwira ali kale panjira. "Uwathokoze!"

Pachulu paja foni inaitana kwa kanthawi isanayankhidwe. Anali mayi yemwe uja. Tisungeni anadzitchula dzina, n'kufotokoza kuti bambo ake sanamvetse, kuti malowo akuwafuna, kuti wakhala akuwafuna chaka chonse. Mawu ake ankatuluka osalala, ngati akuwerenga zolengeza kutchalitchi.

"Pepani, achemwali," anatero mayiwo. "Dzulo tinayesa nambala yanu inayo, sinkapezeka. Lero linali tsiku lomaliza, ndipo bambo anu ayankha momveka bwino. Malowo tapereka kale kwa wotsatira, iye wavomera asanamve n'komwe funso lonse."

"Sizingabwezedwe?"

"Ndimulande mnzanu? Akuluakulu atseka kale nkhaniyi."

"Nanga chaka chamawa?"

"Lamulo mukulidziwa. Chaka chachiwiri sasintha." Kenako mayiwo anaonjezera kuti, "Munakhoza bwino kwambiri, ngati zimenezo zingakuthandizeni. Masamu munaposa onse."

"Zikomo," anatero Tisungeni, n'kudula foni.

Anakhalabe pachulupo foni ili m'manja. Mbuzi ya wina inali itakodwa chingwe pa chitsa, ikuzungulira pomwepo. Anatsika n'kuimasula. Kenako anayenda kubwerera kunyumba, osafulumira, akupereka moni kwa aliyense wokumana naye monga mwa masiku onse. Palibe anaona kanthu pankhope yake, ndipo iyenso sankamva kanthu.

Anapeza bambo ake akufotokozanso nkhani yonse kwa a Binwell, omwe anabwera kudzabwereka pampu ya njinga. Tsopano nkhaniyo inali itanona: mayi wa kuofesi anali atakana kaye, kenako n'kugonja.

"Aphunzitsi athu awo!" anatero a Binwell. "Muli ndi bambo, mwana inu. Ena akanangoti zako zimenezo."

"Atsimikiza?" anafunsa a Gerishon.

"Atsimikiza."

"Sukubwereza?"

"Sindikubwereza."

A Gerishon anapuma mozama. Maso awo anali atanyowa. Apa m'pamene Tisungeni anaona kuti bambowa anachita mantha enieni, ndipo ndi chimwemwechi ankangodziziziritsa mtima. Mawu onse anali okonzeka pakamwa pake. Akanawanena, malo aja sakanabwerera, koma bambo ake akanasenza nkhaniyi mpaka kumanda.

Anagwada pafupi ndi mpando wawo. "Zikomo, ababa."

Iwo anamugwira paphewa, n'kutsitsa mawu kuti a Binwell asamve. "Tsiku lina zikadzakuvuta usadzandibisirenso, wamva? Bola ine ndili moyo, palibe amene adzakubweze m'mbuyo."

"Ndamva," anatero Tisungeni.