Nthanda Anadya M'mawa

Nthanda anayamba kulira mu Okutobala, dzuwa likuphika malata a pa Nsipe. Anali mphaka wamkazi wakuda, wa kadontho koyera pamphumi, ndipo chaka anali asanakwanitse n'komwe. Sumaya, yemwe anamutola ali kamwana kuseri kwa matumba a mpunga m'sitolo ya bambo ake, poyamba anaganiza kuti wathyoka msana. Nthanda ankagubuduzika pasimenti, kenako n'kugwetsa chifuwa pansi, mbuyo m'mwamba, mchira atakhotetsera kumbali. Ndiye kulira kwakeko! Ukamva ungati ndi khanda limene amake alisiya pamphasa n'kupita kumjigo.

Amene anamasula nkhaniyi ndi a Tisungane, dokotala wa zinyama, amene anaima pasitolopo kudzagula madzi akumwa.

"Msana uli bwinobwino," anatero akuseka. "Akufuna mwamuna ameneyu."

"Mwana ameneyu, adokotala?"

"Amphaka sadikira chinamwali, chemwali. Alira masiku angapo, apume, ayambirenso, mpaka atatenga bere. Lachinayi tikhala pamsika kubaya agalu katemera wa chiwewe. Mubwere naye tidzamutseke kuti asamabereke, kulirako kuthe, ndi ulele. Koma asadye kanthu kuyambira Lachitatu madzulo. Mwamva?"

Sumaya anagwedeza mutu, koma mtima unali kwina. Iye anali atalemba mayeso a Folomu 4 ndipo masiku ake ankathera pakauntala, kudikira zotsatira ndi kudikira foni ya Anwar, mnyamata wake amene anapita ku Joni atalonjeza kuti aziimba tsiku lililonse. Foniyo inali zii. Ndiye atamva kuti Nthanda akulirira mwamuna, anamuyang'ana ngati mnzake wapamtima. Pakhoma la kuseri pankakhala chimphaka chachimuna cha kubutchala, chong'ambika khutu, chonunkha, maso ali pazenera la mosungira katundu. Kwa Sumaya chimenecho chinali chikondi chenicheni. Chija sichinkachoka pakhomapo ngakhale achigende.

Koma kuseri komweko kunkakhala a Dailes, mayi wogulitsa mbatatesi pamsewu, ndipo khanda lawo, Eric, linali likutsokomola n'kumawonda. Nthanda akangopulumuka, malo ake olirira anali padenga pawo.

"A Swaleh, ine sindinatchule munthu," anatero a Dailes tsiku lina kwa bambo a Sumaya, mwana ali kumbuyo. "Koma mphaka wakuda, kulira ngati mwana, padenga panga pokha, mwana wanga akudwala. Madenga atha pa Nsipe pano?"

"Amake Eric, adokotala anena kuti ndi chilengedwe chabe," analowerera Sumaya.

"Iwe ubereke kaye wako, udzandiuze za chilengedwezo."

A Dailes atachoka, a Swaleh anayamba kupukuta sikelo.

"Ine za ufitizo sindikhulupirira," anatero. "Koma mayi amene uja pa Idi timamutumizira nyama, pa Khirisimasi amatitumizira mbatatesi. Amayi ako atamwalira ndi iyeyo anagona pano sabata yonse. Sindingadane naye chifukwa cha mphaka. Lachinayi akatsekedwa, akhala. Akapanda kutsekedwa, Lachisanu akwera lole ya mpunga akatsikire ku Bwanje."

"Ababa!"

"Ndatha."

Lachitatu madzulo Sumaya anachotsa kambale ka Nthanda n'kumutsekera mosungira katundu. A Swaleh anaseka pang'ono. "Nayenso asale, aone mmene Ramadhani imawawira."

M'mawa wa Lachinayi, Sumaya atatsegula chitseko, Nthanda sanalire kulira kochititsa manyazi kuja. Anangoti kamodzi nyawu, kamawu kakang'ono ka kale, n'kupita pamalo pomwe pamakhala kambale kake, n'kukhala pansi, n'kumuyang'ana. Sumaya anaima pakhomo. Anakumbukira m'mawa umene amayi ake anakwera minibasi kupita kuchipatala kukachitidwa opaleshoni. Phala linali pamoto, iwo anakana, akuti anamwino aletsa. Sanabwerenso. Mpaka lero azakhali ake amanena pamaliro paliponse kuti munthu sapita kumpeni ndi njala, akanadya akanapirira.

Tiusipa tiwiri tokha, anadziuza. Tiwiri si chakudya.

Nthanda anatimeza osatafuna. Sumaya anawonjezera dzanja lathunthu. Kenako mkaka pang'ono pachivindikiro, poti mkaka ndi madzi omwe. Anamupukuta ndevu ndi nsonga ya mpango wake, n'kumuika m'katoni ya sopo.

Pamsika panali agalu okhaokha, ena pa zingwe za sisalo, ena pa mawaya, kuuwa konsekonse. Sumaya sanathe kudikira mzere, anadzipanikiza mpaka kutsogolo anthu akumunena. Mutenti munali tebulo lachitsulo, ndipo a Tisungane anali atavala magolovesi.

"Mkwatibwi wathu wafika," anatero akutulutsa Nthanda m'katoni. "Wadya liti?"

"Dzulo masana."

"Chabwino." Anayamba kukoka mankhwala m'kabotolo. "Ndimafunsa chifukwa mankhwala ogonetsawa amasanzitsa. M'mimba mukakhala chakudya, chimabwerera n'kulowa kopumira iye ali mtulo. Sabata yatha tinatsala pang'ono kutaya galu. Mugwireni apa, pakhosi."

Sumaya anagwira. Pansi pa zala zake kamtima ka Nthanda kankagunda mofulumira. Sumaya akangobisa za usipa uja, mwina zonse zitha bwino, Nthanda akhala, Lachisanu lole ipita yokha. Singano inayandikira ntchafu. Nthanda anatembenuza mutu n'kumunyambita chala, lilime lonunkha usipa.

"Dikirani! Wadya. Wadya m'mawa uno."

A Tisungane anaika jakisoni pansi pang'onopang'ono. "Zambiri?"

"Usipa. Ndi mkaka. Ndimafuna akhale ndi mphamvu."

Sanamukalipire, ndipo zimenezo ndi zomwe zinawawa kwambiri. Anangopuma mozama n'kusisita Nthanda pakadontho koyera paja.

"Ndidikira mpaka madzulo, adokotala, chigayike."

"Masana tikupasula tenti."

"Mawa ndikupezani ku Nzama, ndamva kuti mukupita kumeneko. Ndiyenda wapansi."

"Ku Nzama ndi katemera yekha. Zida za opaleshoni zikubwerera kuboma lero, pali maboma ena akudikira. Tidzabweranso mvula ikatha. Mumutsekere m'nyumba mpaka nthawiyo."

Mvula inali isanayambe n'komwe.

Atafika kusitolo, a Swaleh anasuzumira m'katoni, anatembenuza Nthanda n'kuona mimba yaubweya wake wonse, yopanda bala. Anayang'ana mwana wawo. Sumaya anapempha kuti amutsekere mosungira katundu mpaka adokotala adzabwerenso, analonjeza kutseka mpata uliwonse ndi masaka, analira. Iwo ankaoneka ngati ayamba kufewa. Koma dzuwa litapendeka chimphaka chija chinakwera pakhoma, ndipo Nthanda anayambanso, kulira kwa khanda kodutsa njerwa ndi malata. Kuseri kunamveka chitseko. A Dailes anaima pakhomo pawo, Eric ali pachifuwa, akungoyang'ana kuno.

Lachisanu lole ya mpunga itafika, Sumaya anakana kuti Nthanda aikidwe m'thumba. Anabowola yekha katoni ija ndi mpeni wodulira sopo, anayalamo mpango wake, n'kuthiramo usipa wonse wotsala. Tsopano panalibe woletsa.

"Musadandaule, asisi," anatero dalaivala wa lole akuponya katoniyo pampando. "Ku Bwanje makoswe ndi ambiri, akanenepa. Ndipo amuna aliko, mwezi sutha asanatenge bere."

Ankaganiza kuti akumutonthoza. Sumaya anaona m'maganizo mwake kathupi kaja, kosakwana n'komwe manja awiri, kakukoka mimba m'mizere ya mpunga kotentha kuja, kopanda womuitana dzina. Lole inalowa mumsewu waukulu, ndipo kulira kwa m'katoni kunamezedwa ndi injini.

Madzulo ake kuseri kunali bata. Chimphaka chong'ambika khutu chinabwera, chinakhala pakhoma kanthawi, chinanunkhiza mphepo, kenako chinatsika n'kulowera kumsika osacheuka. Sumaya anachiyang'ana mpaka chinazimiririka pakati pa mabenchi. Anatulutsa foni, panalibe uthenga, anaigoneka chafufumimba pakauntala.

M'nyumba mwa a Dailes, Eric anayamba kutsokomola, monga dzulo, monga dzana. Sumaya anatola kambale kaja, anakatsuka, ndipo anasowa pokaika.