Chikulunga cha a Walter

Chiwagwetsereni sitiroko, a Walter ankangoliyang'ana dzanja lawo lamanja ngati katundu wa eni ake. Linkangokhala pantchafu, zala zitapindika. Kuchipatala cha ku Romford anawapatsa kampira kofiira koti azikafinya tsiku lililonse, n'kuwachenjeza kuti akapanda kutero zalazo ziumiratu. Kampirako kanakathera kuseri kwa sofa.

Mkazi wawo Effie zinkamudya mumtima. Iye wosamalira nkhalamba za anthu ena tsiku lonse, ankalephera mwamuna wake yemwe, munthu amene anayendetsa basi mu London muno ndi manja omwewo mpaka imvi mbuu. Kuchonderera anachonderera, kukalipa anakalipa. Koma a Walter ndi ouma mutu chibadwire. Ankangoti, "Ndine mwana ine, woti ndiziseweretsa zidole?"

Loweruka lina masana, mpira usanayambe pa TV, anaonetsa mbiri ya masewerawo. Akuti Angelezi akale ankauzira mpweya m'chikhodzodzo cha nkhumba n'kumachimenya m'misewu, kenako anayamba kuchikuta ndi chikopa.

A Walter anaseka ndi mbali imodzi ya kamwa. "Ife ku Ndirande tinali ndi chikulunga. Majumbo ndi chingwe basi, koma chinkanjanja kuposa zikhodzodzo zawozo."

Kuseka kumeneko Effie anali atakuiwala. Ananyamuka mwakachetechete kupita kukhitchini. Pansi pa sinki panali jumbo lodzaza majumbo anzake, chuma chimene mwana wawo Chiko amamuseka nacho akabwera kudzacheza. Anatenganso chingwe chomangira katundu wotumiza kumudzi, n'kudzakhala pansi pafupi ndi mapazi a mwamuna wake.

Kukulunga mpira ankakudziwa bwino, si uja anakula akusewera fulaye? Koma tsikuli anakulunga molobodoka mwadala, majumbo ali lendelende.

"Mayi a Chiko, chimenecho n'chiyani? Kabichi?"

"Ndi mpira. Inu onerani game yanu."

"Mkati mumayamba ndi nyuzipepala, n'kufinya zolimba. Ayi, osati choncho. Mukuononga majumbo."

"Ine ndikuona kuti chili fine," anatero Effie, n'kumanga mfundo yoti ngakhale mwana wa kusukulu ya mkombaphala angachite nayo manyazi.

A Walter zinawakwana. Anachilanda ndi dzanja lamanzere, n'kuchimasula chonse, n'kuyambiranso. Zinkayenda ndithu mpaka pofika pa chingwe. Akati akoke, mpira unkagubuduka. Anaupana ndi mawondo, unapulumuka. Anayang'ana mkazi wawo kuti awathandize, koma iye maso anali pa TV ngati wotsatira mpira weniweni, munthu wosadziwa n'komwe timu yovala zofiira ndi iti.

Effie sanatembenuke. Ndi ngodya ya diso anaona dzanja lamanzere likunyamula linzake lija, n'kuliika pamwamba pa majumbo. Zala zinanjenjemera. Chamkombaphala chinatambasuka pang'ono, kenako chapakati, kenako zonse zinamira m'majumbomo, ndipo anamva pulasitiki ikulira pansi pa zalazo.

Anatembenukira kuwindo kuti asamuone misozi, chifukwa bambo amenewa akadziwa kuti awatchera msampha akhoza kusiya pomwepo.

"Mayi a Chiko, mukuyang'ana chiyani kunjako?" anatero a Walter, thukuta lili pachipumi. "Kokani chingwechi. Kokani zolimba, musaope. Ine ndagwira."